Safunsa anadya phula: driveway yanga ndipakitse kwa kontrakitala uti?

NaPhiri (South Bend): Moni nonse pagulu pano. Lero si za maliro kapena zopereka, ndiye musathawe. Nyumba tikukhalayi tinagula zaka zitatu zapitazo. Driveway yake, kanjira ka galimoto kochokera pamsewu kufika pagalaja, ndi ya phula, mafiti 20 m'lifupi, 50 m'litali, ndiye kuti masikweya fiti 1,000. Pomwe tinkalowa inali yakuda bii, pano yatuwa ngati miyendo ya mwana wosadzola mwezi wa June. Yayambanso ming'alu, wina wachokera pagalaja mpaka pakati ndipo mwamera udzu. Aneba athu, bambo achikulire ndithu, andiuza kuti ndiipakitse sealer, mankhwala akuda oteteza phula pamwamba, kuzizira kusanayambe. Ndaitanitsa makotesheni atatu: wina akuti madola 325, wina 480, wina 650. Ndiye dzulo madzulo kwabwera anyamata awiri pa pikapu yokhala ndi thanki kumbuyo, akuti amagwira ntchito msewu wakuseri, mankhwala awatsalira, andipakira ndi 180 yokha bola ikhale kashi, tsiku lomwelo. Ndawauza kuti abwere Loweruka bambo akakhala pakhomo. Ine za phula sindizidziwa, kwathu ku Dedza timazira ndi dothi. Ndithandizeni, nditenge uti?

Wa ku Ndirande (Columbus): Achemwali, a 180 amenewo akabwera Loweruka muwapatse madzi akumwa, muwatsanzike bwinobwino. Mankhwala "otsala" amenewo anayamba kutsala ine ndisanakwere ndege yobwera kuno, mpaka lero sanathe.

Bambo a Tadala (Indianapolis): Mayi, ine ndilankhula monga munthu amene anapsa kale. Chaka chachiwiri ndili m'nyumba yanga anabwera anthu otero, mawu ake omwewo ngati anaphunzira kalasi imodzi. Tinagwirizana 200. Anapopera mphindi makumi awiri zokha, osasesa, osazula udzu, masamba ouma anangowakwirira momwemo. Atamaliza wamkulu wawo akuti phula lanu linali ndi ludzu, lamwa mankhwala ambiri, ndiye mtengo wafika 600. Ndili ndekha pakhomo, amuna atatu ayimirira pakhonde, ndinatulutsa 400 kuti azipita. Panatha masiku anayi chinthucho osauma, chikununkha ngati pagalaja pokonzera magalimoto. Mvula itagwa zonse zinatsetserekera mumsewu, zina zinalowa pakapinga n'kupha udzu. Ana anapondamo n'kudetsa kapeti. Nambala ya foni imene anandisiyira sinagwirepo n'kamodzi komwe. Nditaganiza bwino ndinakumbukira kuti nambala puleti ya galimoto yawo sinali ya Indiana, ndipo pachitseko panalibe dzina lililonse la kampani.

NaPhiri (South Bend): Mayo ine! Bambo a Tadala, a dzulowa galimoto yawo inalinso yopanda dzina. Puleti sindinayang'ane.

Mayi a Chikondi (Dallas): Musawatsegulirenso chitseko. Ndipo musanene kuti bambo amagwira ntchito usiku kapena kuti mumakhala nokha masana. Anthu oterewa amafunsa mafunso ngati akucheza.

Achemwali a ku Leeds: Kuno ku UK aliponso, amagogoda n'kunena kuti tarmac yatsala pa ntchito ya khonsolo. Amakonda nyumba za nkhalamba. Zoti dziko ndi lina koma bodza ndi lomwelo zimandidabwitsa.

Malume a ku Minneapolis: Mwana wanga NaPhiri, za ogogoda pakhomo anzanu anena kale, sindibwerezanso. Ine ndikufuna tikambe za atatu enawo, chifukwa ndi pamene pali nkhani. Nditangofika kuno ndinagwirapo ganyu imeneyi nyengo zotentha zitatu, ndinali wogwira tsache ndi kukoka paipi, ndiye zina ndinaziona ndi maso. Mitengo itatu mwatchulayo payokha sikutiuza kanthu. Tiuzeni zimene zalembedwa papepala lililonse. Kodi akuti apaka kangati? Ming'alu aitseka ndi chiyani, ndipo ili mumtengo womwewo kapena ndi yapadera? Mankhwala ake ndi ati? Apopera kapena akoka ndi bulashi? Amene anabwera kudzayeza ndi tepi ndi ndani, amene anangoona chithunzi pa Google Maps ndi ndani?

NaPhiri (South Bend): Zikomo malume. Wa 325 sanabwere, anangofunsa adiresi n'kutumiza meseji ya mzere umodzi, akuti kupaka driveway 325. Wa 480 anabwera, anayenda ndi kawilo koyezera, analemba kuti ayeretsa, atseka ming'alu ndi labala wotentha mafiti 60, apaka kawiri, mankhwala ndi asphalt emulsion osakaniza ndi mchenga. Wa 650 anabweranso, pepala lake ndi lokongola la mitundumitundu, walemba premium commercial grade, kupaka kamodzi kokhuthala, waranti ya zaka zisanu. Za ming'alu sanalembe, koma pakamwa anati sealer wawo ndi wokhuthala moti amatseka yekha.

Malume a ku Minneapolis: Basi, mwayankha nokha. Sealer satseka ming'alu, mwana wanga. Ndi chinthu chopyapyala, chikauma chimakhala ngati utoto. Chikalowa mu mng'alu chimauma n'kusweka, pofika March mng'alu uja watsegukanso pamalo pomwepo. Amene akukuuzani kuti sealer amatseka yekha, kaya sadziwa ntchito kaya akukunamizani, zonsezo n'zoipa. Ndipo kupaka kamodzi kokhuthala si ubwino. Kukhuthala kumachititsa kuti pamwamba paume pansi pali pamadzi, kenako chimang'ambika timizere ting'onoting'ono n'kumasupuka. Kawiri kopyapyala, koyamba kaume kaye, ndiye ntchito. Inu a ku Dedza mukudziwa, pozira nyumba simuunjika dothi lambiri nthawi imodzi, limang'aluka. Mumayamba mwasesa, mwamata mabowo, kenako n'kuzira pang'onopang'ono. Ndi zomwezi.

Ntchito yeniyeni ya kupaka driveway ili pa zimene zimachitika ndowa isanatsegulidwe. Ife tinkatha maola awiri kukonzekera, kupakako mphindi makumi atatu. Kudula kapinga m'mphepete kuti phula lonse lioneke, kuzula udzu wa m'ming'alu, kukwecha ndi bulashi ya waya, kuuzira fumbi ndi makina amphepo. Pamene panadonthera oyilo wa galimoto pamafunika kupala n'kupakapo primer, kupanda kutero sealer sagwira, amasiya chigamba. Kenako ming'alu. Labala wake amabwera ngati njerwa, amamusungunula m'chiboyila kufika pafupifupi madigiri 400 a Fahrenheit, n'kumuthira akadali wamadzi. Akazizira amakhalabe wotamuka, ndiye phula likamafufuma ndi kunyala potentha ndi pozizira, iye amatsatira. Wa m'botolo wogula m'sitolo uja amathandiza pang'ono koma sapirira ngati wotenthayu.

Injiniya wa ku Zomba (Maryland): Malume, ndikugwirizana nanu pa ming'alu, koma ndiloleni nditsutse gulu lonse pang'ono. Funso loyamba lisakhale loti kontrakitala uti. Likhale loti kodi kupakako n'kofunikadi? Ndagwira ntchito za misewu kwathu ndi kuno. Misewu ikuluikulu ngati I-95 palibe amene amaipaka sealer wa pa driveway ameneyu. Phula la msewu ndi miyala ndi mchenga zomatidwa ndi bitumen, chinthu chakuda chomata chochokera ku mafuta a pansi. Dzuwa ndi mpweya zimaumitsa bitumen wa pamwamba, n'chifukwa chake limatuwa. Sealer amachedwetsa kuumako ndipo amateteza pang'ono ku oyilo ndi petulo, sindikana. Koma chimene chimapha driveway ndi madzi olowa pansi kudzera m'ming'alu. Kwanu ku South Bend, ndi sinowo yochokera ku Lake Michigan ija, madzi amalowa masana, usiku amaundana, ndipo madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti. Zimenezi zikachitika kambirimbiri nyengo imodzi, mng'alu umakula, maziko amafewa, dzenje limabadwa. Ndiye ndalama zikakhala zochepa, tsekani ming'alu chaka ndi chaka, kupakako kudikire. Ambiri amapakitsa pofuna kuti pakhomo pade ngati pa neba.

Wa ku Ndirande (Columbus): A injiniya, inu mwagwirapo misewu ya kwathu ndiye mukubwera kudzatiphunzitsa za maenje? M1 ija munaisiya bwanji?

Injiniya wa ku Zomba (Maryland): Aise, M1 si ine ndinkagwira chikwama cha ndalama. Koma nanenso mwandithandiza: maenje a kwathu aja amayamba ngati mng'alu wa NaPhiri womwewu, mvula ya January n'kulowamo, mathiraki n'kupondapo. Kusiyana kwake n'koti kwathu anyamata amakwirira ndi dothi n'kuimika magalimoto kupempha kangachepe.

Malume a ku Minneapolis: A injiniya sakunama. Ndinaonapo ma driveway owonongeka chifukwa chopakidwa chaka chilichonse. Sealer amaunjikana mpaka amayamba kusweka ngati mphika wakale, mwini wake n'kumaganiza kuti phula latha pomwe ndi utoto wokha wachuluka. Zaka zitatu mpaka zisanu ndiye mpata wabwino, kapena mukaona kuti miyala yayamba kuonekera mtundu wake. Koma ya NaPhiri yatha zaka zitatu osakhudzidwa ndipo yatuwa, ine ndingapake. Pamwamba pakakhala posalala ngakhale fosholo ya sinowo imayenda bwino, komanso pakuda sinowo imasungunuka msanga dzuwa likawala.

Injiniya wa ku Zomba (Maryland): Pamenepo sindilimbana nanu. NaPhiri, tumizani chithunzi cha ming'aluyo. Pali mtundu wina umene ngakhale labala sangathandize.

NaPhiri (South Bend): Ndatumiza zitatu. Chachitatucho ndi kumapeto, pafupi ndi msewu, pamene timayika mabini a zinyalala.

Injiniya wa ku Zomba (Maryland): Ziwiri zoyambazo ndi ming'alu wamba, labala akwana. Chachitatucho ndi chimene ndimaopa. Mukuona momwe yalukanirana timabokosi ngati khungu la ng'ona? Pamenepo vuto lili pansi, maziko afooka, mwina madzi amadikha pamenepo. Mukapakapo sealer mwabisa chilonda ndi nsalu. Pamafunika kudula kachigawo kameneko ndi sowo, kukonza miyala ya pansi, kutsindira, n'kuthira phula latsopano. Mwa atatu aja alipo amene anapatchula?

NaPhiri (South Bend): Wa 480 anaimapo nthawi ndithu, anapondaponda ndi nsapato. Anati pamenepa sindikulonjezani kanthu, ndipakapo kuti mtundu ufanane koma padzasweka, pakufunika chigamba ndipo ife zigamba sitipanga. Ine ndinaona ngati akuzemba ntchito, n'chifukwa chake ndinayamba kukopeka ndi wa waranti ya zaka zisanu uja.

Mayi a Chikondi (Dallas): Iii achemwali, munthu wakuuzani zoona inu n'kumuyesa waulesi! Wogulitsa amene amanena yekha pamene katundu wake athera ndi wosowa. Waranti ya zaka zisanuyo muiwerenge timalemba ta pansi. Yathu inalembedwa kuti sikhudza ming'alu, mchere wa sinowo, matayala, oyilo, madzi odikha, kapena nyengo. Ndinafunsa kuti nanga ikukhudza chiyani, munthu uja anangoseka.

Bambo a Tadala (Indianapolis): Chinanso, aliyense amene mungasankhe, mufunseni pepala la inshuwalansi, amalitcha certificate of insurance. Osangomva pakamwa kuti tili nayo. Makampani enieni amauza a inshuwalansi awo kuti akutumizireni pa imelo, sizitenga tsiku. Pakhale ya kuwononga katundu ndi ya antchito akavulala. Sealer akathovokera pachitseko cha galaja kapena pa galimoto ya neba sachoka msanga, ndipo mnyamata akapsa ndi labala wotentha uja pakhomo panu, maloya a dziko lino mukuwadziwa. Muyang'anenso dzina la kampani pa Better Business Bureau, bungwe losunga madandaulo a makasitomala, ndi pa webusaiti ya Secretary of State ya Indiana kuti muone ngati inalembetsedwa. Ndemanga za pa Google muwerenge zoipazo, makamaka momwe mwini kampani anayankhira. Ndipo mupemphe maadiresi awiri a ntchito za chaka chatha, osati za sabata yatha. Driveway iliyonse imakongola tsiku loyamba, ngakhale yanga ya oyilo ija inawala madzulo ake.

Wa ku Joni: Inu a ku America mavuto anu ndi okoma. Kuno ku Johannesburg ambiri timayala njerwa za paving, ikasweka imodzi umazula n'kuyika ina. Kwathu ku Area 25 ndinayala ma interlocking, chaka chachisanu ndi chimodzi chino, sindinapakepo kanthu.

Injiniya wa ku Zomba (Maryland): Ku Area 25 nthaka siundana, achimwene. Njerwa kuno zimathekanso koma maziko ake amafunika akuya, mtengo wake NaPhiri angakomoke.

NaBanda (Seattle): Ndalowa mochedwa, ndinali ku shifiti. Palibe amene wakamba bwino za mtundu wa mankhwala, ndipo kwa ine imeneyo ndiye nkhani yaikulu, makamaka NaPhiri poti muli ndi ana aang'ono. Ma sealer ofala alipo awiri. Wina ndi wa asphalt emulsion, wochokera ku mafuta a pansi ngati phula lomwelo. Wina ndi wa coal tar, wochokera ku zotsalira powotcha malasha. Wa malashayu amalimba ndipo salola petulo, n'chifukwa chake makontrakitala ena amamukonda, koma ali ndi mankhwala otchedwa PAH ochuluka zedi, ndipo ena mwa iwo amayambitsa khansa. Akamaperepeseka ndi matayala fumbi lake limalowa m'nyumba pa nsapato, mwana wokwawa n'kumaliyika m'kamwa, lina limakokoloka ndi mvula kupita m'mitsinje. Akatswiri a boma a ku US Geological Survey anafufuza zimenezi kwa zaka. Mzinda wa Austin ku Texas unaletsa kuyambira 2006, boma lathu la Washington State linakhazikitsa lamulo mu 2011. Masitolo akuluakulu a Home Depot ndi Lowe's anasiya kumugulitsa. Koma makontrakitala amagula kwina m'mathanki, ndiye kumene sanaletse amapezekabe.

Malume a ku Minneapolis: Zoona mayi. Kuno ku Minnesota analetsa kuyambira January 2014. Nthawi imene ndinkagwira ganyu ija anali akadalipo. Akakugwera pakhungu dzuwa n'kuwomba, umapsa ngati wathiridwa tsabola, ngakhale ife akhungu lakuda. Tinkavala malaya a manja aatali kukutentha. Fungo lake limafanana ndi timibulu toyera tothamangitsira njenjete m'sutikesi tija. Mukamva fungo limenelo pa thanki, dziwani.

NaPhiri (South Bend): Ndiye commercial grade ya wa 650 ija ingakhale imeneyo?

NaBanda (Seattle): Ingakhale, ingakhalenso ayi, mawu amenewo alibe tanthauzo lenileni. Mufunseni dzina la mankhwalawo ndi pepala lake lotchedwa safety data sheet. Mukaonapo mawu oti coal tar, refined tar kapena RT-12, ndi wa malasha. Akayamba kuzungulira kuti ndi chinsinsi cha kampani, mwamudziwa. Ngakhale wa 480 amene walemba asphalt emulsion, mupempheni pepalalo, chifukwa ena amasakaniza mitundu iwiriyi.

Malume a ku Minneapolis: Ndiwonjezere chinyengo china chimene simungachione ndi maso: madzi. Sealer amabwera wokhuthala, ndipo wopanga amalemba mlingo wa madzi oyenera kuthiramo. Bwana wina amene ndinamugwirira ntchito, sindimutchula, ankati thanki ikatsika masana tizingowonjezera ndi paipi ya pampopi. Nyumba yoyamba m'mawa inkalandira phala, yomaliza madzulo inkalandira tiyi. Onse amalipira mofanana. Ndinachokako chifukwa cha zomwezo ndi zina. Ndiye funsani kuti pa masikweya fiti 1,000 anuwo athira magaloni angati ndipo madzi ndi ochuluka bwanji. Wodziwa ntchito amayankha osaganiza. Ngati n'kotheka pemphani kuti mukhale oyamba m'mawa.

Za kupopera ndi bulashi anthu amakangana, koma ine ndimati phula lokalamba lokhakhala ngati lanu, ulendo woyamba akoke ndi bulashi kapena squeegee, chokokera cha labala, kuti mankhwala alowe m'timabowo, wachiwiri angathe kupopera kuti pasalale. Kupopera pakokha si tchimo, koma wopopera ndi amene amatha kunyenga mosavuta, amangodetsa pamwamba. Mchenga uja ndi wofunika, kupanda iwo mvula ikagwa pamaterera.

Mayi Busa (Elkhart): Pepani ndilowererepo. NaPhiri, mwaiwala kuti kutchalitchi kwathu kuli mnyamata wathu amene amagwira timaganyu totere? Ali pasukulu, fizi ikumuvuta. Mutagula ndowa zitatu kapena zinayi ku sitolo, iye n'kupaka, ndalama ikhala m'banja. Tizikwezana tokhatokha.

Wa ku Ndirande (Columbus): Amayi, ndi ulemu wonse, ntchito ya m'bale ikalakwika sudandaula, umangomwetulira Lamulungu lililonse mtima ukuwawa. Ine m'bale wa kumpingo anandiyikira matailosi m'bafa, mpaka lero ndikalowa ndimatsinzina.

Mayi Busa (Elkhart): Inu a ku Ndirande simusowa chonena. Si onse otero.

Malume a ku Minneapolis: Amayi Busa, maganizo anu ndi abwino, ndipo kupaka wekha n'kotheka, anthu ambiri amatero. Ndowa ya magaloni asanu imalembedwa pambali kukula kwa malo amene ingakwanire, koma phula louma limamwa kuposa pamenepo, ndiye pa kawiri mudzagula zambiri kuposa zimene mukuganiza. Muwonjezepo squeegee, zotsekera ming'alu, primer, sopo wotsukira, ndi nsapato zoti mudzataye. Mukaphatikiza ndi ya mnyamatayo mupeza kuti simuli kutali kwenikweni ndi 480, koma mulibe labala wotentha, mulibe inshuwalansi. Ine ndikanati mnyamatayo apatsidwe ntchito yodula kapinga m'mphepete ndi kuzula udzu m'ming'alu masiku angapo kontrakitala asanabwere, alandire yake. Nyengo yozizira azidzachotsa sinowo. Aliyense wadya.

Mayi Busa (Elkhart): Apo ndiye mwaweruza bwino malume.

NaPhiri (South Bend): Zikomo nonse, mutu wayamba kugwira. Nanga za nthawi? Wa 480 akuti ali ndi malo pakati pa September, kupanda apo ndidikire May. Wa 650 akuti angathe ngakhale kumapeto kwa October.

Malume a ku Minneapolis: October kumapeto ku Indiana? Ameneyo akufuna ndalama yanu yokha. Sealer ndi wamadzi, amauma madziwo akauluka. Pamafunika kutentha kosachepera madigiri 50 a Fahrenheit, amene ndi 10 a Celsius, masana ndi usiku womwe, komanso tsiku lathunthu lopanda mvula. October usiku kumazizira, dzuwa limalowa msanga, mame amachedwa kuuma, masamba akugwa n'kumamatirira. September pakati ndi bwino. Akasintha tsiku chifukwa cha mitambo musakwiye, muziyamika.

Mayi a Chikondi (Dallas): Ndipo amene mwangothira phula latsopano musathamangire kupaka. Ife anatiuza kuti tidikire miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka kuti mafuta ake ayambe auluka. Ndikunenera ena amene akuwerenga mwakachetechete.

Bambo a Tadala (Indianapolis): Za malipiro: pa ntchito yaing'ono ngati imeneyi makampani ambiri safuna dipoziti, ndipo akafuna ikhale yochepa. Musalipire zonse ntchito isanathe. Cheke kapena khadi, m'dzina la kampani, osati kashi kapena kutumiza ku nambala ya munthu. Papepala palembedwe mtengo wonse, kuti zisadzatuluke za "phula linali ndi ludzu". China chimene ndinadziwa mochedwa: lamulo la FTC, bungwe la boma la America loteteza ogula, limapereka masiku atatu a ntchito oti usinthe maganizo pa malonda amene wogulitsa wakupeza pakhomo pako, kuyambira madola 25 kupita m'mwamba, ndipo amayenera kukupatsa pepala lonena zimenezi. N'chifukwa chake anthu aja amakakamira kuti lero lomwe. Akapaka n'kuthawa, lamulo ulipeza koma munthu sumupeza.

Achemwali a ku Leeds: Kuno ndi masiku 14. Koma monga mwanena, uyambe wamupeza munthuyo.

NaPhiri (South Bend): Ndabweranso ndi lipoti. Anyamata a pikapu Loweruka sanabwere, koma aneba a tsidya akuti anagogodanso kwawo. Wa 325 nditamufunsa za inshuwalansi ndi ming'alu anati ming'alu ndi madola ena, pepala atumiza, mpaka lero. Wa 650 anayankha kuti mankhwala awo ndi "blend", pepala lake lili ku ofesi, kenako anatsitsa mtengo kufika 500 ndisanapemphe n'komwe. Wa 480 anatumiza zonse ziwiri tsiku lomwelo, mulibe coal tar, magaloni ananena osazengereza. Anandipatsa maadiresi awiri, tinapita ndi bambo kukaona madzulo ngati akuba. Imodzi inali bwino kwambiri, inayo mizere ya labala imaonekera pansi pa sealer ngati mitsempha. Kodi chimenecho si cholakwika?

Malume a ku Minneapolis: Ayi, labala amaonekera ndithu, makamaka dzuwa likapendeka. Ndi umboni woti anatseka. Driveway yosalala ngati galasi koma yakale ndiye muziikayikira. Sainani. Tsikulo lisanafike muzimitse zothirira kapinga, ndipo musathire feteleza pafupi. Magalimoto onse mutulutse m'galaja usiku wake, anthu ambiri amaiwala n'kutsekeredwa mkati masiku awiri. Kuyenda ndi miyendo mawa lake kuli bwino, galimoto mudikire maola 48 ngati mungathe. Milungu yoyamba musapotokole chiwongolero galimoto itaima, matayala amasiya zipsera.

Injiniya wa ku Zomba (Maryland): Khungu la ng'ona lija musaliiwale. Chaka chamawa kukayamba kufunda mupeze a zigamba, ndipo muyang'ane kumene paipi ya madzi a padenga imathira. Pachithunzi paja ndikuona ngati imalozera pomwepo.

NaPhiri (South Bend): A injiniya maso anu! Imathiradi pomwepo, bambo ayikapo paipi yaitali yopita pakapinga. Ndipo ntchito yatheka dzulo. Anasintha tsiku kamodzi chifukwa cha mvula. Anafika atatu 8 koloko, kuyeretsa ndi ming'alu zinawatengera mpaka cha m'ma 10, ine ndili pawindo ndi foni kuwerenga zimene malume analemba ngati ndikuyang'anira mayeso. Mnyamata wa Amayi Busa anali atadula kale m'mphepete, wamkulu wawo anamuyamikira. Anapaka koyamba ndi squeegee, anapita kwina, anabwerera masana kudzapopera kachiwiri, n'kumanga tepi pakhomo. Chodandaula n'chimodzi, adontheza timadontho takuda pa konkire ya kanjira kopita kukhomo, ndawatumizira chithunzi akuti abwera Lachisanu kudzachotsa, ndipo cheke ndapereka theka, theka linalo Lachisanu lomwelo, anavomera okha. Koma m'mawa uno ndadzuka n'kupeza timapazi ta gologolo kuchokera pamtengo mpaka pagalaja, taumira momwemo.

Wa ku Ndirande (Columbus): Ameneyo ndi inspekita wa mzinda, wasaina kuti ntchito yadutsa.

Malume a ku Minneapolis: Tisiyeni timapazito, matayala atifufuta pofika Khirisimasi. Lachisanu akabwera muwauze akusiyireni sealer pang'ono m'kabotolo, mudzapake pamene mabini azidzakhula.